Apongozi Anga ndi Zitseko za Boma

Tsiku loyamba kukaonekera kwa apongozi anga, ndinawapeza atagwada pakhonde la ofesi ya boma akupaka polishi wofiira pa simenti. Mu ofesimo munalibe kalaliki, munalibe tebulo kapena mpando, mileme yokha ikulira m'siling'i. Koma khondelo linali waliwali ngati kukubwera alendo olemekezeka. Amuna anga, amene nthawi imeneyo anali akadali chibwenzi, anandinong'oneza kuti ndivule nsapato. Ndinavula. Mayiwo anayamba ayang'ana mapazi anga, nkhope pambuyo, kenaka anati, "Uyu yekha ali ndi nzeru. Uja unabwera naye chaka chatha anandipondera ndi matope." Amuna anga anatsokomola chifuwa chimene analibe.

Kuti mumvetse chifukwa chimene mayi wamkulu ankapakira polishi nyumba yopanda anthu, mudziwe kaye mmene dera lathu linakhalira. Mtsinje waukulu umalidula pakati. Tsidya lakumtunda ndi la miyala ndi mapiri, kwa mbuzi ndi thonje, kumene madzi a pachitsime amachita kudikirira. Tsidya lathu ndi chigwa cha thyathyathya, dothi lakuda, mpunga, mizimbe ndi udzudzu. Mvula ikakwiya kumapiri, onyowa timakhala ife akuchigwa, ngakhale kwathu kusanagwe dontho. M'mphepete mwa mtsinje, mbali yathuyi, muli chitunda chimodzi chokha chimene madzi sanachikwerepo. Ofesi ija inamangidwa pamenepo, kale katundu akadayenda pamadzi.

Apongozi amati poyamba dera lonseli linali mchira chabe wa boma lina lalikulu, likulu lake kutali moti wokadula msonkho ankatsanzika ngati akupita kunkhondo. Kenaka pachitunda panaikidwa kalaliki mmodzi wolandira madandaulo. Anthu atachuluka, dera lathu linapatsidwa boma lakelake, ndiye panamangidwa chinyumba chachitalicho: chipinda cha bwanamkubwa, cha makalaliki, cha msonkho, khoti, ndi kachipinda kosungira katundu kumbuyo. Kunsi kwa chitunda kunamera masitolo, telala, wometa tsitsi, nyumba yogona alendo. Bambo a amuna anga anali mesenjala pa ofesipo. Anadwala n'kumwalira pamene mwana wawo anali akuyamwa, ndipo bwanamkubwa wa nthawiyo anachitira chifundo mkazi wamasiyeyo pomupatsa ntchito yosesa.

"Anzanga amasiyiridwa ng'ombe," apongozi amatero. "Ine ndinasiyiridwa tsache."

Anasesa m'menemo mpaka mwana wawo anamera ndevu. Kenaka msewu wa phula unadutsa kumtunda, kutali ndi mtsinje, ndipo likulu la boma linatsatira msewuwo. Malole anabwera kudzanyamula matebulo, makabati, mbendera, ndi wotchi yapakhoma yomwe. Kalaliki wotsiriza kukwera anawapatsa mtolo wa makiyi n'kunena kuti, "Mayi, sungani nyumbayi. Tidzabwera kudzaona chochita nayo." Kuyambira tsiku limenelo anthu anayamba kuwatchula kuti a Makiyi. Anasamukira m'kachipinda kakumbuyo kaja, ndipo m'mawa uliwonse ankatsegula mawindo onse, kusesa, kukolopa, madzulo n'kutsekanso.

Amati madzi saiwala khwawa, koma athu anaiwala. Chaka china cha mvula yoopsa mtsinje unaboola njira ina kumbuyo kwa tauni yathu, ndipo madzi ambiri anayamba kudzera kumeneko. Tinadzuka tili pachilumba. Kutsogolo kwathu kunatsala mtsinje wakale, umene m'chilimwe umauwoloka utakwinya nsalu m'mawondo. Kumbuyo kunali mtsinje watsopano, wakuya, wa bwato basi. Pasanapite nthawi yaitali akuluakulu anagawa boma lathu pawiri, lakumtunda ndi lakuchigwa, ati linakula kwambiri. Lamulo linati malire ndi mtsinje. Silinanene kuti mtsinje uti.

Akumtunda anati pa mapu pali mtsinje wakale, ndiye ife ndife akuchigwa. Akuchigwa anati mtsinje ndi pamene pali madzi, ndiye ife ndife akumtunda. Mapanga awiri avumbwitsa. Mankhwala anasiya kufika kukachipatala kathu, namwino anamanga katundu wake. Aphunzitsi akachoka sankabwera ena. Malipiro a apongozi anaduka. Anapita kumtunda kukafunsa, anauzidwa kuti apite kuchigwa. Anapita kuchigwa, anawalozeranso kumtunda. Anabwerako mapazi atatupa, n'kukhala pa sitepe ya ofesi.

"Basi," anatero. "Ine ndine wa boma la ng'ona."

Amuna anga amakonza njinga padoko, ndipo ndi munthu wosafuna phokoso. Anawachonderera mayi awo kuti asiye nyumbayo adzakhale nafe.

"Amayi, mukuvutikiranji? Eni ake anakuiwalani."

"Amene anandipatsa makiyi wabwera kudzawatenga?"

"Mwina anamwalira kalekale."

"Ndiye auze mzukwa wake ubwere. Ine sindipereka makiyi kwa mileme."

Polishi ankagula pogulitsa nthochi za kumbuyo kwa ofesi. Ine ndinkaona ngati ukalamba wawalowa m'mutu, koma mkamwa mwanga munali zii. Mpongozi amadziwa malire ake kuposa boma.

Madzi aakulu anabweranso ndili ndi mwana wachiwiri kumbuyo. Anafika m'mawa tikuphika tiyi, mwakachetechete ngati mlendo wamanyazi, ndipo dzuwa lisanafike pamutu nyumba za dothi zinali zikusungunuka. Tonse tinathamangira pachitunda, mitolo pamutu, nkhuku m'khwapa. Mvula inkagwa, anthu ataunjikana pansi pa mtengo wa mango, palibe wolimba mtima kuponda khonde lija. Apongozi anatuluka, anatiyang'ana, n'kubwerera m'kati. Tinangomva makiyi akulira, chitseko ndi chitseko. Atatulukanso anali ndi ndowa ya madzi imene anaikhazika pa sitepe.

"Lowani nonse. Koma mapazi kaye!"

Tangoganizani, dziko lonse lili madzi okhaokha, munthu akukutsukitsa mapazi. Koma tinatsuka, ena tikuseka misozi ili m'maso. Amayi ndi ana anawalowetsa m'khoti, abambo m'chipinda cha makalaliki, odwala ndi okalamba m'chipinda cha bwanamkubwa. Mbuzi zinalekezera pa sitepe. Tsiku lachitatu mkazi wa wopalasa bwato anachira m'chipinda cha msonkho, mwana wamkazi wonenepa bwino. Apongozi anamunyamula n'kunena kuti, "Uyu ndiye woyamba kutuluka m'chipinda chino osasiyamo kanthu."

Madzi ataphwa, amphamvu anabwerera kukaumba njerwa. Anatsala opanda omangira: amayi amasiye angapo ndi ana awo, ndi bambo wina wokalamba wosaona amene kale anali telala. Sukulu inali itagwa, ndipo mphunzitsi mmodzi yekha amene anatsala, mayi wowonda wa mawu aakulu, ankaphunzitsira pansi pa mtengo. Apongozi anamuitana n'kumupatsa khoti. Ana anayamba kukhala pamene pankakhala omvera milandu, mphunzitsi pa nsanja ya woweruza, ndipo wolongolola ankaimikidwa m'bokosi la woimbidwa mlandu.

Musaganize kuti anali munthu wofewa. Msodzi wina anayanika ukonde pakhonde, anamuthamangitsa ndi tsache mpaka kudoko. Mayi wina wamasiye anakhoma msomali pakhoma la chipinda cha makalaliki, sanalankhulane naye mwezi wathunthu. Ine ndemwe, mbaula yanga itasiya chipsera pa simenti, anandiuza pamaso pa anthu kuti kwathu anandilera ndi nkhumba. Ndinalira, ndinauza amuna anga kuti mayi awo ndi chilombo. M'mawa mwake anabwera kwathu ndi phava la nthochi, analiika pakhomo, n'kubwerera. Kupepesa kwawo kunali komweko.

Zinakhala choncho zaka zingapo, popanda wa boma aliyense woponda pachilumba. Kenaka kunamveka kuti kumangidwa mlatho wodutsa mitsinje yonse iwiri, ndipo mizati yake yapakati idzaima pachilumba chathu. Pamene pali mlatho pamabwera msika, pamene pali msika pamabwera ziphaso. Mwadzidzidzi maboma onse awiri anakumbukira kuti ali ndi abale pakati pa madzi.

Woyamba kufika anali wa kumtunda, bambo wa ulemu wake ndithu, nsapato atazinyamula m'manja chifukwa cha matope a mtsinje wakale. Ine ndinali pomwepo, ndikusenda chinangwa pa sitepe. Anapereka moni bwinobwino, kenaka anati omanga mlatho akufuna nyumbayo kuti asungiremo simenti ndi zitsulo, ndiye wabwera kudzatenga makiyi.

"Inu a boma liti, bambo?" anafunsa apongozi.

"Lakumtunda, mayi."

"Aja munandiuza kuti si ine wanu?"

"Zimenezo zinali za anzathu amene analipo kale."

"Chabwino. Nanga ana akuimba m'khotimo apita kuti? Nanga atelala osaonawa?"

"Sukulu tidzamanga. Enawo tidzaona chochita."

"Mangani kaye. Mawu akuti tidza ndinawamvera pakhonde pomwe pano, tsitsi langa likadali lakuda."

Bamboyo sanakwiye. Anawatenga n'kuwaonetsa mng'alu umene unayambira padenga mpaka pansi, kukhoma lakumbuyo. Anagogoda mtanda wa denga ndi ndodo, fumbi la chiswe linagwa. Anati nyumbayo yatopa, tsiku lina idzagwera ana.

"Ikagwera ana, simenti yanu ndiye siyingagwere?"

"Ikagwera simenti, mayi, sipakhala maliro."

Ndinaona kuti mawuwo awalasa apongozi. Koma anangomangitsa nsalu m'chiuno n'kunena kuti, "Mvula ikubwera. Mukawatulutsa lero, akaphunzirira m'madzi. Mangani, tsiku lomwe mudzamalize ndidzawatulutsa ndekha."

Wa kuchigwa anabwera sabata yotsatira, ndi mawu omwewo, n'kulandira yankho lomwelo. Kenaka uthenga unafika wakuti akumtunda akubwera ndi apolisi ndi maloko atsopano, adzatulutse aliyense n'kutseka.

Madzulo ake, ana ataweruka, apongozi anatsikira kudoko kumene amuna anga ankamata chubu cha njinga. Ine ndinali nditawabweretsera madzi akumwa.

"Tenga zitsulo zako zomasulira, unditsate," anatero.

"Kukatani, Amayi?"

"Kukachotsa zitseko. Loko amatseka chitseko. Khomo lopanda chitseko adzalitseka ndi chiyani?"

Amuna anga anaika chubu pansi. "Amayi, mukufuna ndikafere kundende? Ndipo bambo uja sananame. Khoma lija lidzagwa."

"Sindinati ananama."

"Ndiye mukulimbiranji?"

"Chifukwa ndikawapatsa lero, sukulu sidzamangidwa mpaka iwe udzachite imvi. Ndimawadziwa. Ndawaphikira tiyi moyo wanga wonse."

"Ine ayi."

"Khala. Ndinakulera ndekha, zitseko ndichotsanso ndekha."

Anakwera chitunda osacheuka. Patapita kanthawi ndinawatsatira, ndipo ndinawapeza ataima pa mpando wa mwana wa sukulu, akulimbana ndi hinjesi ndi mpeni wakukhitchini. Ndinabwerera kudoko, ndinanyamula chikwama cha zitsulo pamaso pa mwini wake, n'kukweranso. Sindikudziwa chimene chinandigwira. Mwina ndi chifukwa mwana wanga woyamba anaphunzirira kulemba m'khoti limenelo. Apongozi atandiona anangoti, "Gwira apa, mpongozi. Usakande utoto."

Tinachotsa chimodzi, chachiwiri chinatikanika chifukwa cha dzimbiri. Tili mkati molimbana nacho tinamva kumbuyo munthu akupuma mwamphamvu. Anali amuna anga, botolo la oilo m'manja.

"Mukupotoza mobwerera," anatero. "Tapatukani."

Dzuwa lisanalowe zitseko zonse zinali pansi. Tinazinyamulira m'khoti, tinazigoneka pa njerwa, ndipo kwa nthawi yoyamba ana a pachilumba anapeza polembera posakhala pa mawondo awo.

Apolisi anafika m'mawa mwake ndi bambo wa kumtunda uja, mmodzi atasenza katoni ya maloko. Anaima pakhonde kakasi. Makomo onse anali pululu, mphepo ikungodutsa, ana akuwerenga mokweza ataweramira zitseko za boma. Apongozi anatuluka atavala diresi lawo la kutchalitchi, anamasula mtolo wa makiyi m'chiuno n'kuupereka ndi manja awiri.

"Nawa makiyi anu, bambo. Onse alipo."

Wapolisi wamkulu anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka. Koma bambo uja sanaseke. Anati uku ndi kuwononga katundu wa boma, ndipo anafunsa amene wachita. Amuna anga anatsegula pakamwa, koma mayi awo anawayang'ana diso limodzi lokha, pakamwapo panatsekeka.

"Ndine," anatero apongozi. "Tiyeni."

Anawoloka mtsinje wakale ndi miyendo yawo, atakana dzanja la wapolisi. Ine ndinawatsatira ndi bulangete ndi chakudya mpaka kupolisi ya kumtunda. Tsiku lachiwiri ndinapeza osungidwa onse atatulutsidwa kuti asese bwalo, koma apongozi atakhala pa benchi, manja pa miyendo, tsache lili pansi patsogolo pawo. Wapolisi wina anandidandaulira kuti agogowa akukana ntchito.

"Ndasesera boma kuyambira iwe usanabadwe," anamuyankha. "Lero ndine mlendo wake. Mlendo sasesa."

Chimene chinawatulutsa sitinachiyembekeze. Akuchigwa atamva nkhaniyi anakwiya, ati apolisi akumtunda alowa m'dera lawo n'kugwira munthu wawo. Akumtunda anati munthuyo ndi wawo, nyumba ndi yawo. Mafoni analira, magalimoto anayenda, ndipo pofuna kuzimitsa moto anangowamasula agogowo kuti mlandu udzakambidwa zikadziwika khoti loyenera. Mpaka lero sunakambidwe. Pobwerera, tili pakati pa mtsinje, apongozi anaseka mpaka kutsamira paphewa panga.

"Mpongozi, waona? Ndakalamba chonchi, amuna awiri akundilimbirana."

Phokosolo linafika kulikulu la dziko, ndipo akuluakulu anagamula kuti malire ndi mtsinje wakale, chilumba ndi cha kuchigwa. Akuchigwa, pofuna kuonetsa kuti ndi makolo enieni, anamanga zipinda ziwiri zophunziriramo m'mbali mwa chitunda. Omanga mlatho anatopa kudikira, anadzimangira shedi yawo ya malata kudoko. Tsiku limene zipindazo zinatha, apongozi anachita monga ananenera. Anaimika ana pamzere n'kuwatulutsa m'khoti okha, mphunzitsi ali patsogolo.

Koma bambo wa kumtunda uja sananame. Mvula yotsatira, masana dzuwa likuswa mtengo pambuyo pa chimvula cha m'mawa, khoma lakumbuyo linagwa. Linagwera m'kachipinda ka apongozi, bedi lawo linaphwanyika ngati bango. Mwini wake anali kuchitsime. Atabwera anaima ndi ndowa pamutu, akuyang'ana njerwazo. Amuna anga anafika akuthamanga, anaima pambali pawo, n'kukoka mpweya kuti alankhule.

"Usanene," anatero mayi awo.

Amuna anga anangowatula ndowayo, ndipo tsiku lomwelo apongozi anasamukira kwathu.

Nyumbayo inalamulidwa kuti igwetsedwe. Apongozi analimbana kuti malata ake apatsidwe kwa amayi amasiye aja, ndipo ambiri analandira, tinawathandiza kumanga. Koma atelala osaona aja analibe wowasunga pachilumba. Anatengedwa ndi mdzukulu wawo kupita kumapiri, kumene sankadziwa njira ngakhale ya kuchimbudzi, ndipo sanakhalitse. Nkhani imeneyi apongozi safuna kuimva. Ukaitchula amadzuka n'kupita kukayang'ana nkhuku. Tsiku logwetsa nyumbayo anthu onse anakwera chitunda kukaonerera, koma iwo anatsala pakhomo akusankha mpunga, ndipo sanafunse aliyense mmene zinayendera. Pamalopo lero pali msika wa tomato ndi zovala.

Tsopano mawondo awo anauma, maso akuchita chifunga, koma pakamwa pali bwinobwino. Mlatho utatha anayamba nkhondo ina, ya kachipatala kathu kamene kanakhala kopanda namwino chichokere uja. Lolemba lililonse amuna anga amawakweza pa keliyala ya njinga mpaka ku ofesi ya kuchigwa, kumene amakhala pa benchi ya pakhonde kudikira bwanamkubwa. Sachita phokoso. Bwanamkubwayo akamadutsa amangomupatsa moni n'kumufunsa kuti, "Namwino wathu ali pati, bambo?" Makalaliki anazolowera, ena amawagawira tiyi. Mwezi wathawu namwino anayamba kubwera, koma masiku a msika okha.

Ife tinati basi, apumule. Lolemba lapitali amuna anga anadzuka mochedwa dala, akumwa tiyi pang'onopang'ono. Apongozi anatuluka m'chipinda atavala kale, ndodo m'manja.

"Amayi, namwino uja si wabwera?"

"Matenda amadziwa tsiku la msika?"

"Komanso njinga yaphwa tayala."

Apongozi anawayang'ana mwana wawoyo kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mpongozi, tandikumbutsa. Wokonza njinga m'nyumba muno ndi ndani?"

Amuna anga anasiya tiyi wawo pa tebulo, n'kupita kukatenga pampu.